Musagulitse munda wa agogo chifukwa cha chiliza

Ndalandira kalata yochokera kwa mnyamata amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti agogo ake aamuna, mlimi wa m'mudzi wina ku Dedza, anatisiya chaka chatha ali ndi zaka zopitirira 80, ndipo anasiya agogo aakazi ali moyo. Tsopano adzukulu akukangana pa gulu lawo la WhatsApp. Ena akufuna kugulitsa ng'ombe ziwiri zokoka ngolo pamodzi ndi chigawo cha munda kuti amange chiliza cha matailosi, asoketse yunifomu ndi kubwereka matenti. Iyeyo amusankha kuti adzawerenge mbiri ya malemu pa mwambo wa chilizacho, koma akuti akusowa chonena chifukwa agogowo sanapite patali ndi sukulu, sanagwirepo ntchito, ankangolima basi.

Mdzukulu wanga, pepa ndi zovutazi. Koma ndisanakuyankhe ndikudzudzule kaye. Munthu amene wadyetsa banja ndi khasu kuyambira ali mnyamata mpaka msana kupindika, iwe ukuti sanagwirepo ntchito? Fizi ya amayi ako inachokera kuti? Nanga ufa umene ankakutumizirani m'tauni mwezi ukafika pakati, unkagwa kumwamba? Mbiri ya agogo ako ndi yaitali kuposa ya anthu ambiri amene timawawerengera masatifiketi pamaliro. Chavuta n'chakuti palibe anailemba.

Taganizira zimene munthu wa msinkhu umenewo anadutsamo. Njala ya 1949 inamupeza ali mwana. Akukula, boma la atsamunda linkakakamiza anthu kusiya kulima pa matutu n'kuyamba kukwezera mizere yopingasa matsitso, ndipo okana ankawalipitsa kapena kuwamanga. Anthu ankadana nawo malimidwe amenewo chifukwa cha nkhanza za owalondera, koma mizereyo ndi imene tikulimabe lero. Anaona ADMARC ikulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, nthawi imene Kamuzu ankayendera mbewu m'minda ndipo mlimi wakhama ankatchedwa mchikumbe. Anaona chilala cha 1992, ndiponso njala ya 2002 imene inasautsa kwambiri chigawo chapakati, anthu mpaka kudya gaga ndi zitsa za nthochi, mbuzi n'kumaisinthanitsa ndi kachimanga kosadzaza n'chidebe chomwe. Makuponi a feteleza atabwera mu 2005 anali kale nkhalamba. M'zaka zonsezi, mvula ikagwa ankadzuka kukadzala. Ukafunse kuti banja lanu linapulumuka bwanji mu 2002. Yankho lake lokhalo likukwanira kuimirira nalo pamaso pa anthu.

Ndiye usalembe mbiriyo uli ku Johannesburg. Ukafike kumudzi masiku angapo mwambo usanachitike, ukhale pansi pakhonde ndi agogo ako aakazi, ndipo usawafulumize. Ukapitenso kwa anzawo a malemu amene atsala, utatenga kashuga ndi sopo m'manja, chifukwa kwa akulu sitipita chimanjamanja. Uwafunse zinthu zenizeni: munda woyamba anaupeza bwanji, ng'ombe yoyamba anaigula ndi ndalama za mtedza kapena za mbatata ya kachewere, ndani anawaphunzitsa kuluka nkhokwe, ndi anthu angati amene anawapatsa mbewu mvula itagwa iwo alibe chodzala. Udzamva nkhani zimene ngakhale amayi ako sazidziwa.

Ukalowenso m'khitchini n'kuyang'ana kudenga. Alimi a mtundu umenewu sasowa chimanga chamakolo chimene anachipachika pamwamba pa moto. Pokolola ankasankha zisononkho zazikulu, zodzaza bwino mpaka kunsonga, n'kuzimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, kuti utsi uzizidetsa mpaka anankafumbwe azithawe. Nthawi yodzala ikafika ankatong'ola njere zapakati zokha, zakunsonga ndi zakutsinde n'kuponyera nkhuku. Mbewu imeneyo mwina yakhala m'banja mwanu kuyambira kwa agogo a agogo ako, ndipo m'sitolo simungaipeze. Zokolola zake sizifika pa za haibridi, zimenezo sindikana, koma ndi cholimba, chimakonoleka bwino mumtondo ndipo chimasungika. Ikangodyedwa kapena kufumbwa chaka chimodzi chokha, yapita. Wina mwa inu aitenge, azidzala ngakhale mizere khumi patali ndi chimanga china. Chimodzimodzi mtedza wa chalimbana ngati anausunga, nyemba, nthanga za maungu. Ndipo ngati m'mundamo muli mitengo ya msangu imene anaisiya dala, pasapezeke woidula kuti apeze nkhuni zophikira pa mwambo. Mtengo umenewo umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho sutchinga dzuwa ku mbewu, ndipo umabwezera chonde m'nthaka. Amene anausiya ankadziwa chimene akuchita.

Tsopano za kugulitsa. Apa ndiye ndikana kwamtuwagalu. Munda si wa adzukulu a pa WhatsApp. Kwathu kuno munda ndi wa mbumba, ndipo ngati agogo ako anali mkamwini, nthaka imeneyo ndi ya kuchikazi, ya agogo ako aakazi ndi ana awo. Ngakhale akanakhala kuti anawatengera kwawo pa chitengwa, nkhani ya malo imayamba ndi mwini mbumba, amalume ndi nyakwawa, osati ana amene anachoka pamudzi kalekale. Dziwanso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kuwalanda katundu ndi mlandu. Inu mukuti mukulemekeza malemu, koma ng'ombe zikapita ndani adzatute manyowa kupita nawo kumunda? Ndani adzatute chimanga? Ngolo imeneyo ndi imene imabweretsa kandalama ka mchere ndi kuchigayo anthu akaibwereka, ndiponso ndi imene imanyamula wodwala usiku. Mwambo udzatha tsiku limodzi, inu n'kukwera mabasi, gogo n'kutsala ndi chiliza chonyezimira koma nkhokwe ili mbee. Malo masiku ano achepa, anthu tachuluka. Munda ukagulitsidwa subwerera.

Sindikunena kuti musamange chiliza. Mangani, ndi ulemu wabwino, ndipo chimathandiza ana obadwa m'tsogolo kudziwa pamene pagona kholo lawo. Koma kale mtumbira tinkaudziwa popanda matailosi. Tinkameta, kenako patapita nthawi tinkafulula mowa wa bona, mudzi wonse n'kusonkhana kutsanzikana ndi malemu, ndipo zonse zinkachokera m'nkhokwe ndi m'khola la pakhomo molingana ndi mmene banja lapezera. Mpikisano wa ziliza ndi wa posachedwapa, ndipo walowetsa mabanja ambiri m'ngongole za katapila. Njerwa, simenti, mchenga ndi mmisiri wa m'mudzi momwemo n'zokwanira. Inu amene muli pantchito sonkhani zimene mungathe. Zikapanda kukwana chaka chino, dikirani chaka chamawa, palibe amene adzakuimbeni mlandu. Yunifomu isiyeni.

Pa tsikulo, ukamadzawerenga mbiri, udzayambe ndi kupereka ulemu kwa mafumu, akuluakulu a mpingo ndi eni mbumba. Usadzakometsere ndi mabodza, chifukwa anthu okhala pamphasapo ankawadziwa malemu kuposa iwe. Udzatchule mayina a minda yawo, dimba limene ankalima chilimwe, ana amasiye amene anawalera ngati analipo, ndi anthu amene ankabwera kudzagwira ganyu n'kubwerera ndi chakudya chokwanira osanyozedwa. Paja kupatsa n'kuika, ndipo udzaona anthu amene sukuwadziwa akugwedeza mitu. Ukatha, upemphe mmodzi wa anzawo okalamba kuti awonjezere pamene iwe waperewera.

Mwambowu muuchite anthu atakolola, cha mu Ogasiti kapena Seputembala, pamene chakudya chilipo ndipo ntchito yakumunda yachepa. Ndipo musabalalike musanakhale pansi ndi amalume n'kugwirizana zinthu zitatu izi pamaso pa agogo aakazi: amene adzasose ndi kugalauza munda wawo chizimalupsa chisanagwe, amene azidyetsa ng'ombe, ndi ndalama imene aliyense wa inu okhala kutali azitumiza ya feteleza mwezi wa Okutobala usanathe. Zimenezo muzilembe papepala, ndipo pepala limodzi lisungidwe kwa nyakwawa.