Munthu yemweyo, nyimbo yomweyo, nyenyezi zosiyana

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa mnyamata wina amene akupanga app yomvetserapo nyimbo za kuno kwathu. Funso lake ndalifupikitsa chonchi: "Ndinaika nyenyezi zisanu pansi pa nyimbo iliyonse kuti anthu azivota, n'cholinga choti app izidziwa nyimbo zina zomwe munthu angazikonde. Koma ndikayang'ana mavotiwo mutu ukundizungulira. Ena amangopereka zisanu pa chilichonse, ena sapitirira zitatu, ndipo ndapeza wina yemwe mwezi watha anapatsa nyimbo inayake nyenyezi zinayi koma sabata ino waipatsa ziwiri. Kodi ndisinthe algorithm, kapena anthuwa akungosewera nane?"

Achimwene, anthuwo sakusewera nanu, ndipo algorithm, ndondomeko ya masamu yomwe app imalosera nayo zomwe munthu angakonde, muyambe mwaisiya kaye. Vuto lomwe mwalipezalo ndi lenileni, linavutitsa makampani akuluakulu kalekale inu musanalembe mzere woyamba wa pulogalamu yanu. Gwero lake lili pa kafunsidwe ka funso, ndi pa chibadwa cha munthu chakuti maganizo ake pa nyimbo kapena filimu si nambala yokhazikika yomwe amayenda nayo m'thumba.

Ndiyambe ndi nkhani ya Netflix, kampani yoonetsa mafilimu, chifukwa ndi komwe zinthu izi zinaonekera poyera. Mu Okutobala 2006 kampaniyi inalengeza mpikisano wa madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angapose pulogalamu yawo, yotchedwa Cinematch, ndi 10 peresenti pa kulosera nyenyezi zomwe munthu angapatse filimu. Anatulutsa mavoti oposa 100 miliyoni ochokera kwa anthu pafupifupi 480,000 pa mafilimu 17,770. Akatswiri a masamu m'mayiko ambiri anakhala akulimbana nawo mavotiwo zaka zitatu, mpaka gulu la BellKor's Pragmatic Chaos linapambana mu Seputembala 2009. Pa muyezo womwe ankagwiritsa ntchito, Cinematch inkaphonya ndi nyenyezi 0.95, ndipo opambanawo anatsitsa kuphonyako kufika pa 0.86. Zaka zitatu za ntchito yakalavulagaga, phindu lake n'kukhala gawo limodzi mwa magawo khumi a nyenyezi imodzi.

Chaka chomwecho cha 2009, Xavier Amatriain, Josep Pujol ndi Nuria Oliver, omwe ankagwira ntchito ya kafukufuku ku kampani ya matelefoni ya Telefónica mu mzinda wa Barcelona, anachita chinthu chosavuta chomwe ndikufuna nanunso muchite. Anatenga anthu 118 n'kuwapatsa mafilimu 100 kuti avotere. Patapita tsiku limodzi kapena kuposerapo anawapatsanso mafilimu omwewo, kenako patatha masabata awiri anawapatsa kachitatu. Atayerekeza mayankho a munthu ndi mayankho ake omwe, anapeza kuti kusiyana kwake kunali pakati pa 0.56 ndi 0.82 pa muyezo womwe uja. Manambalawa sanayezedwe pa anthu omwewo a mpikisano wa Netflix, choncho musawaike pa mzere umodzi ndendende, koma uthenga wake ukumveka: mbali yaikulu ya kuphonya komwe akatswiri ankalimbana nako sikunali kwa kompyuta. Kunali kwa anthu ovotawo, omwe sankagwirizana ndi iwo eni. Jonathan Herlocker ndi anzake anali atalemba kale mu 2004 kuti pali malire omwe algorithm iliyonse singadutse chifukwa cha zimenezi. Telala angakhale waluso bwanji, ngati tepi yake yoyezera imatamuka lero n'kufupika mawa, malaya sangakwane bwino.

Mu kafukufuku wa ku Barcelona uja muli mfundo ina yomwe ndimaiona yofunika kuposa manambalawo. Kusinthasintha sikunali kofanana paliponse. Munthu akapereka nyenyezi imodzi kapena zisanu, kawirikawiri ankabwereza zomwezo ulendo wotsatira. Chisokonezo chinkachuluka pakati, makamaka pa ziwiri ndi zitatu. Chomwe munthu amachikonda ndi mtima wonse amachidziwa, chomwe amadana nacho amachidziwanso. Koma mukamufunsa kuti asiyanitse "ndi yabwinoko" ndi "ili apo ndi apo", amangotola nambala yomwe yabwera m'mutu nthawi imeneyo, malinga ndi nyimbo yomwe wangomva kumene, kutopa kwake, ngakhale njala.

Ndiye munthu wanu uja wa zinayi ndi ziwiri musamuone ngati wosokoneza. Iyeyo wakupatsani mwaulere chinthu chomwe ambiri amachifufuta osadziwa. Mapulogalamu ambiri munthu akavotanso amataya voti yakale n'kusunga yatsopano yokha. Inu sungani zonse ziwiri, iliyonse ndi tsiku lake ndi ola lake. Kenako chitani dala zomwe zinachitika mwangozizo: sankhani anthu ochepa omwe amagwiritsa ntchito app yanu pafupipafupi, patatha masabata awiri kapena atatu afunseninso za nyimbo zisanu kapena khumi zomwe anavotera kale, osawaonetsa voti yawo yakale. Werengani kuti ndi kangati komwe yankho lafanana, ndi kangati komwe lasiyana ndi nyenyezi imodzi, ndi kangati komwe lasiyana ndi ziwiri kapena kuposa. Nambala yomwe mupezeyo ndiyo ikuuzani pomwe algorithm yanu ingafike. Ikakhala kuti yayandikira kale pamenepo, kuisintha ndi kutaya nthawi. Amatriain ndi anzake analembanso kafukufuku wachiwiri chaka chomwecho wosonyeza kuti kufunsanso anthu za mavoti ena akale n'kuyeretsa osemphanawo kumawongola kulosera, popanda kukhudza algorithm.

Tsopano za nyenyezi zisanuzo. Maganizo anga ndi akuti pa app ya nyimbo, pa foni, zachuluka. YouTube inali nazo nyenyezi zisanu, koma mu 2009 inaonetsa poyera kuti pafupifupi aliyense ankapereka zisanu, ochepa ankapereka imodzi, ndipo zapakatizo zinkangokhala. Mu 2010 anazichotsa n'kuika chala chachikulu choloza m'mwamba kapena pansi. Netflix nayo inachita chimodzimodzi mu Epulo 2017, ndipo Todd Yellin, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu pa kampaniyo, anafotokoza kuti poyesa njira yatsopanoyi mavoti anachuluka ndi 200 peresenti. Komabe musathamangire kuganiza kuti mabatani awiri ndiye mapeto a nkhani. Mu 2022 Netflix yomweyo inawonjezera batani la zala ziwiri, chifukwa "ndaikonda" ndi "iyi ndiye yanga yeniyeni" si chinthu chimodzi, ndipo pulogalamu imafuna kudziwa kusiyanako. Ine ndikanakhala pamalo panu ndikanaika mabatani atatu okhala ndi mawu, osati manambala: "Ndaikonda kwambiri", "Ili bwino", "Si ya ine".

Pa mawu otsirizawo ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pomwe ndikuona kuti kwathu kuno mungapunthwe. Nyenyezi zopanda mawu zimasiya munthu kuti adzisankhire funso loti ayankhe. Wina akuyankha kuti kodi nyimboyi inaimbidwa mwaluso. Wina akuyankha kuti kodi uthenga wake ndi wabwino. Wina akuyankha kuti kodi woimbayu akuyenera kulimbikitsidwa. Ndi ochepa omwe akuyankha funso lomwe app yanu ikufuna, loti kodi ndikufuna kumvanso zoterezi. Yellin ananenanso kuti anthu ankapereka nyenyezi zisanu kwa mafilimu ophunzitsa zinthu zozama, n'kupereka zitatu kwa mafilimu anthabwala, koma omwe ankaonera mobwerezabwereza anali anthabwalawo. Ganizirani tsopano nyimbo ya kwaya yotamanda Mulungu. Ndi angati mwa ife omwe dzanja lingalole kuipatsa nyenyezi imodzi, ngakhale kuti kaimbidwe kake sikatigwira mtima? Nanga woimba wa kumudzi kwanu amene wangoyamba kumene? Tinaleredwa kuti ntchito ya mnzako suinyoza pamaso pake, ndipo nyenyezi imodzi imamveka ngati chipongwe. Koma kunena kuti nyimboyi si ya ine sikunyoza aliyense. Lembaninso pa sikirini kuti yankholi saliona woimba kapena munthu wina aliyense, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza app kukusankhirani nyimbo. Mukafuna kuti anthu azilimbikitsa oimba, aikireni batani lina lapadera, ndipo mavoti a batani limenelo asalowe m'masamu a kulosera.

Chinthu china chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse: munthu asanavote musamuonetse avereji ya anthu ena, kapena zomwe app ikuganiza kuti iye apereka. Dan Cosley ndi anzake a gulu la GroupLens ku University of Minnesota, eni ake a tsamba lovotera mafilimu la MovieLens, anayesa zimenezi mu 2003. Anapeza kuti anthu akaonetsedwa nambala yolosera, voti yawo imapendekera komweko, ngakhale nambalayo itakhala kuti yasinthidwa dala kukhala yabodza. Mu 2013 Lev Muchnik, Sinan Aral ndi Sean Taylor anasindikiza mu magazini ya Science zomwe anapeza ataika voti imodzi yabwino, mwachisawawa, pa ndemanga zina za pa tsamba la nkhani: ndemanga zoterozo zinathera ndi mavoti okwera ndi 25 peresenti pa avereji. Kuopsa kwake n'kwakuti app yanu imayamba kumva mawu ake omwe akubwerera, inu n'kumasangalala kuti ikulosera bwino.

Kafunsidwe mukakakhazikitsa, musamakasinthesinthe mwakachetechete. Yehuda Koren, mmodzi wa opambana mpikisano uja, anaona kuti kumayambiriro kwa 2004 avereji ya mavoti onse a Netflix inalumpha mwadzidzidzi kuchoka cha pa 3.4 kufika kupitirira 3.6, ndiponso kuti mafilimu akale ankalandira nyenyezi zambiri kuposa atsopano. Zinatengera kuika nthawi m'masamu awo kuti voti ya 2002 ndi ya 2005 ziwerengedwe mwachilungamo. Inu zipeweni pasadakhale. Pa voti iliyonse lembani kuti inaperekedwa pa sikirini iti, ndi mawu ati, munthu atamva nyimbo kwa masekondi angati. Tsiku lomwe mudzachoke pa nyenyezi kupita pa mabatani atatu, mavoti akale ndi atsopano musawathire m'mphika umodzi musanaone mmene akugwirizanirana.

Za oumira ndi owolowa manja, omwe sapitirira zitatu ndi omwe amagawa zisanu, n'zosavuta. Werengani avereji ya munthu aliyense n'kuichotsa pa mavoti ake, kuti muziona ngati nyimbo ili pamwamba kapena pansi pa chizolowezi chake. Amene amapereka zisanu paliponse ndiye kuti mavoti ake sakukuuzani kanthu, muyang'ane zochita zake.

Chovuta kwenikweni ndi mavoti omwe mulibe. Anthu amavotera nyimbo zomwe asankha okha kumvera, ndipo amasankha zomwe akuganiza kale kuti azikonda. Benjamin Marlin ndi Richard Zemel, mogwirizana ndi Yahoo, anaonetsa izi pa wailesi ya pa intaneti ya LaunchCast: anthu 5,400 anapatsidwa nyimbo khumi aliyense zosankhidwa mwachisawawa kuti avotere, ndipo mavoti apamwamba anachepa kwambiri poyerekeza ndi pa nyimbo zomwe anthu ankadzisankhira. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti mukayesa algorithm pa mavoti omwe anthu anapereka mwa kufuna kwawo okha, mukuiyesa pa mayeso ophweka. Kamodzikamodzi muzimvetsera munthu kachidutswa kakafupi ka nyimbo yomwe sanaifune n'kumufunsa. Kakhale kakafupidi, ndipo musachite kawirikawiri, chifukwa bandulo ndi ya iyeyo ndipo anaigula ndi ndalama.

Zochita za munthu, monga kubwereza nyimbo, kuidumpha isanafike patali, kapena kuisunga pa foni, n'zambiri kuposa mavoti ndipo siziopa kukhumudwitsa woimba. Muzigwiritse ntchito, koma mosamala. Nyimbo ikhoza kudukira pakati chifukwa netiweki yathawa. Foni ikhoza kumangoimba tsiku lonse m'golosale kapena m'saluni mwini wake ali kalikiliki ndi makasitomala. Ndipo foni imodzi imatha kukhala ya nyumba yonse: m'mawa amayi akumvera kwaya, masana ana akuvina, usiku bambo aika nyimbo zakale. Netflix inayambitsa ma profile mu 2013, kuti munthu aliyense akhale ndi gawo lakelake pa akaunti imodzi, pofuna kuthana ndi vuto lofanana ndi limeneli. Ngakhale simungakwanitse zimenezo panopa, mukaona akaunti yomwe mavoti ake akusemphana mopitirira muyezo, yang'anani maola omwe anaperekedwa musanagamule kuti ndi munthu mmodzi wosakhazikika.

App ikadzayamba kutchuka, oimba adzatumiza uthenga m'magulu a WhatsApp kuti abale ndi anzawo akavote, ndipo sindiwaimba mlandu, akufuna nyimbo zawo zimveke. Koma mavoti oterowo amabwera ambiri tsiku limodzi, kuchokera ku maakaunti atsopano omwe sanamvereko nyimbo ina iliyonse. Batani lovotera lizioneka pokhapokha munthu atamva mbali yokwanira ya nyimboyo, ndipo voti ya akaunti yatsopano ikhale yopepuka m'masamu mpaka itavotera nyimbo za oimba angapo osiyanasiyana.