Yankho kwa mayi a ku Lifuwu omwe mwana wawo wamangidwa pamodzi ndi akuluakulu

Mayi, pepani ndi zomwe zakugwerani. Mwati mwana wanu wa zaka 16 wamangidwa limodzi ndi abambo awiri pa mlandu woba injini ya boti, ndipo anthu akukuopsezani kuti poti wagwidwira kumodzi ndi akuluakulu, nayenso azengedwa ngati wamkulu. Mtima m'malo kaye. Kuno ku Malawi kulibe lamulo lomusandutsa mwana kukhala wamkulu chifukwa cha kukula kwa mlandu kapena anthu omwe anali nawo.

Zoterezi zimachitika ku America. M'zigawo zambiri kumeneko woweruza, penanso woimira boma pamilandu, atha kumuchotsa mwana kukhoti la ana nkumupititsa kwa akuluakulu, ndipo milandu ina lamulo limangoitumiza komweko lokha. Kwathu kuno tili ndi lamulo la 2010 lotchedwa Child Care, Protection and Justice Act, lomwe linakhazikitsa makhoti a ana. Limati mwana woganiziridwa mlandu pamodzi ndi wamkulu azengedwe payekha, pokhapokha patakhala chifukwa chachikulu chowaphatikizira. Ngakhale atawaphatikiza, kapena mlandu utakhala wa kupha munthu womwe umapita ku High Court, iye amakhalabe mwana pamaso pa woweruza. Salamulidwa kunyongedwa, satumizidwa kundende. Khoti likapeza kuti anachitadi ndipo nkhani ndi yaikulu, komwe angapite ndi kumalo osinthira ana khalidwe monga Mpemba ku Blantyre kapena Chilwa ku Zomba.

Koma pomwe muyenera kutsegula maso ndi pa zaka zomwe zalembedwa papepala la apolisi. Ana ambiri omwe amathera pakati pa akuluakulu sanasamutsidwe ndi lamulo ayi, anangolembedwa 18 kapena 19 tsiku lomangidwa. Anyamata a kunyanja mukuwadziwa. Kukoka chilimira kuyambira ali aang'ono, mapewa kutambasuka, mawu kunenepa, wina nkumangomuyang'ana nkuti "uyu ndi bambo". Mphwanga zinamuchitikira chomwecho papolisi ina. Atamufunsa zaka anangoweramitsa mutu ndi mantha, wolembayo nkudziikira yekha 19. Chinatipulumutsa ndi kadi ya sikelo yomwe mayi athu anaisunga m'jumbo pansi pa chikwama, yothimbirira, m'mbali modyeka ndi mphemvu, koma tsiku lobadwa likuwerengeka bwinobwino.

Ndiye lero lomwe fufuzani chilichonse chosonyeza tsiku lomwe anabadwa: setifiketi ya kubadwa, kadi ya sikelo, buku la kuchipatala, kadi ya ubatizo, kapena kalata ya ahedi a sukulu yomwe amaphunzira. Ngati anajambulitsa chiphaso cha unzika, poti chimaperekedwa kuyambira zaka 16, ndiye bwino kwambiri. Jambulitsani fotokope, chenichenicho musasiyire munthu. Zonse zikasowa, khoti litha kulamula kuti adokotala amuone nkuyerekeza zaka zake.

Wina atha kukuuzani kuti mwana ndi wosakwana zaka 16, choncho wanuyo wapyola. Nzoona kuti lamulo la 2010 lija linalembedwa choncho. Koma mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo palibe lamulo loposa amenewo. Muwayankhe zimenezo, mwaulemu koma mosagwedezeka.

Kenako pitani ku ofesi ya Social Welfare kuboma la Salima mukawauze kuti mwana ali m'chitokosi. Iwo ndi omwe amafufuza za kunyumba, za sukulu ndi khalidwe la mwana nkupereka lipoti kukhoti. Mwanayo ayenera kuonekera pamaso pa majisitireti pasanathe maola 48, ndipo asagonekedwe chipinda chimodzi ndi akuluakulu, kuphatikizapo abambo awiri aja. Inu muzikhalapo akamafunsidwa, ndiponso kukhoti. Khoti la ana salowamo anthu ongobwera kudzaonerera, ndipo dzina lake siliyenera kutuluka pawailesi kapena m'nyuzipepala. Nchifukwa chake ndikupempheni kuti chithunzi chake musachiike pa intaneti, ngakhale ena atakupemphani.

Funsaninso za diversion, komwe kuli kumaliza nkhani kunja kwa khoti: mwana kuvomera kulakwa, kupepesa, kubweza kapena kulipira, nkumayang'aniridwa. Si mlandu uliwonse umaloledwa kutero, ndipo amene amagamula ndi akhoti ndi oimira boma. Koma chonde, ngati mwanayo akuti sanabe, musamukakamize kuvomera pofuna kuti atuluke msanga. Ngati ndalama za loya palibe, a Legal Aid Bureau amathandiza ovutika, ndipo maparaligo (alangizi a zamalamulo omwe si maloya) omwe amayendera zitokosi ndi makhoti amadziwa bwino nkhani za ana.

Sindikunamizani kuti zonse zimayenda monga zinalembedwera. Mu 2018 zinatengera High Court kulamula kuti ana omwe ankasungidwa kundende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko. Ndiye musakhale pansi kudikira kuti wina akumbuka yekha.

China, belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakutchulirani ndalama, pemphani kuonana ndi mkulu wa papolisipo. Mukapita mawa, poyamba funsani kuti papepalapo amulemba zaka zingati.