Kwa amayi a ku Ngabu amene mazira awo asukusa m'makina

Amayi, ndawerenga funso lanu lakuti munaika mazira m'makina ofungatira kumayambiriro kwa Okutobala, koma anapiye ochepa amene anaswa anatuluka msanga, pa tsiku la 19, ali ofooka, ndipo mukuganiza zogula makina ena. Ndikupempheni kuti musafulumire kuwononga ndalama, chifukwa mmene mwafotokozeramu, vuto silikuoneka kuti ndi makina ayi, koma kutentha kwa kwathu kuno kuchigwa.

Dzira la nkhuku limaswa pa tsiku la 21, ndipo makina okhala ndi fani amayenera kusunga kutentha kwa madigiri 37.5 usana ndi usiku. Chimene ogulitsa ambiri satiuza n'chakuti makina ang'onoang'ono a pakhomowa amangodziwa kutenthetsa, sadziwa kuziziritsa. Tsono ku Ngabu, ku Nchalo kapena ku Bangula, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limapitirira madigiri 40, makina akakhala m'chipinda cha denga la malata amazimitsa chotenthetsera chake, koma m'kati mumapitirirabe kutentha, ndipo maola ochepa otere ndi okwanira kupha mwanapiye ali m'dzira. Kuswa msanga kumene mwaonako ndi chizindikiro chakuti mazira anatenthedwa mopitirira. Inenso zinandichitikira chaka changa choyamba, ndipo ndinamva chisoni kwambiri nditaphwanya mazira otsala n'kupeza anapiye atamera kale nthenga koma atafa.

Sunthani makinawo muwaike m'chipinda chozizira kuposa zonse, makamaka cha denga la udzu, kutali ndi zenera, ndipo musatseke timabowo tolowera mpweya. Gulaninso kachipangizo kapadera koyezera kutentha mukaike pafupi ndi mazira, n'kumakayang'ana makamaka masana dzuwa likapendeka, pakuti manambala a pa makina nthawi zina amanama. Ngati n'kotheka, ntchito yaikulu muziigwira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Ine miyezi yotentha kwambiri ndimapumitsa makina anga.

Kutenthaku kumawononganso mazira asanalowe n'komwe m'makina. Dzira la nkhuku yokweredwa ndi tambala likakhala pamalo ofunda limayamba kukula pang'onopang'ono kenako n'kufa, choncho muzitola mazira kangapo pa tsiku, muwasunge mbali yosongoka itayang'ana pansi, mumtsuko wouma woikidwa pa mchenga wonyowa pamthunzi, ndipo asapitirire masiku 7. Musawatsuke, chifukwa madzi amachotsa kakhungu kosaoneka kamene kamatchinga majeremusi. Tambala mmodzi asapitirire mathadzi 10.

Pa za chinyezi, chikhale pa 50 mpaka 55 peresenti kwa masiku 18 oyamba, kenako muwonjezere madzi m'timbale kuti chifike pa 65 mpaka 70. M'chilimwe timbaleto timauma msanga kuno, ndiye muzitiona m'mawa uliwonse. Ngati makina anu satembenuza okha, lembani X mbali imodzi ya dzira ndi O mbali inayo ndi pensulo, muzitembenuza katatu kapena kasanu pa tsiku, ndipo musiye pa tsiku la 18. Usiku wa tsiku la 7 walitsani dzira lililonse ndi tochi mumdima: lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi timitsempha tofiira totambasuka ngati ukonde wa kangaude, pamene loyera mbee muyenera kulichotsa lisanavunde n'kuphulikira anzake.

Munafunsanso za magetsi akazima. Kuno dzira silizizira msanga, kotero maola awiri kapena atatu sangakuwonongereni, bola musamatsegule chivundikiro kawirikawiri. Bulangeti mufunditse m'nyengo yozizira yokha, chifukwa m'masiku omaliza anapiye amatulutsa kutentha kwawo, ndipo fani ikaima m'chilimwe mukhoza kuwapsereza. Batire ndi sola zimathandiza kwambiri, ndipo ndalama imene mumafuna kugulira makina atsopano ndikadakonda ipite kumeneko.

Anapiye akayamba kujompha chigoba musawathandize kutuluka, ndipo muwasiye m'makina mpaka nthenga zitauma bwinobwino. Mukawatulutsa muyambe mwawapatsa madzi, kenako mukaonane ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu za katemera wa chitopa wodontheza m'diso.