Yankho kwa mayi wa ku Indiana: inde, mwana wanu zikumukhudza

Mayi wina wa Chimalawi amene amakhala ku Indiana, ku America, wandilembera imelo. Mwana wake wamwamuna wa zaka 14 amuimitsa sukulu kachiwiri, ndipo asukulu amupatsa kapepala ka pulogalamu yothandiza anyamata akuda ndi a Chihispaniki (a m'mabanja ochokera kumayiko olankhula Chisipanishi monga Mexico). Akufunsa kuti: mwana wanga ndi Mmalawi woleredwa bwino, zimenezi zikumukhudza bwanji?

Mayi, zikumukhudza ndithu. Mphunzitsi kapena wapolisi akamuyang'ana saona Dedza kapena Zomba, amaona mnyamata wakuda basi. Mu 2014 boma la America linatulutsa lipoti loti ana akuda amaimitsidwa kapena kuchotsedwa sukulu kuwirikiza katatu poyerekeza ndi azungu. Akakula vutoli limawatsata. Pa kafukufuku wa Devah Pager ku Milwaukee, mzungu amene anakhalapo kundende ankaitanidwa kuntchito maulendo 17 pa 100, pamene wakuda wopanda mlandu uliwonse ankaitanidwa maulendo 14 okha.

Anzake ochokera m'mabanja a ku Mexico kapena Guatemala nawo ali ndi mtolo wawo. Mwana wa zaka 12 ndiye amamasulira Chingerezi bambo ake akapita kwa dokotala, kwinaku akuopa kuti tsiku lina adzawagwira chifukwa cha mapepala.

Barack Obama ali mtsogoleri wa dziko la America anayambitsa My Brother's Keeper, pulogalamu yothandiza anyamata otere, mu February 2014, patadutsa zaka ziwiri Trayvon Martin, mnyamata wakuda wa zaka 17, atawomberedwa ku Florida. Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi pulogalamu ina yotchedwa Becoming a Man ya ku Chicago. Kamodzi pa sabata anyamata amakhala mozungulira m'chipinda cha pasukulu ndi mlangizi wawo, aliyense n'kunena mmene akumvera mumtima, kenako amaphunzira kudekha kaye asanabwezere munthu akawaputa. Ofufuza a University of Chicago anapeza kuti kumangidwa pa milandu ya ndewu ndi chiwawa kunatsika pafupifupi ndi theka pa nthawi imene anyamatawo anali m'pulogalamuyo. Kwa ine, chinsinsi chake ndi bambo wamkulu amene amabwera sabata iliyonse osajomba.

Musafulumire zomutumiza kwa agogo kumudzi ngati chilango, mwana amaona ngati mwamutaya. Pitani kusukuluko mukapemphe kalata yofotokoza chimene analakwa, ndipo mumve mbali yake musanamukalipire. Kapepalako musataye. Kafunseni amene amatsogolera gululo, wakhalapo zaka zingati, komanso ngati mwana wanu angakakhale nawo tsiku limodzi kaye kuti adzionere yekha.