Kodi chimanga cha Actellic n'chabwino kudya?

Mayi ena a ku Chilomoni andilembera imelo. Akuti anagula chimanga ku Lunzu chothira kale Actellic, ndiye akufunsa ngati ana angadye nsima yake, komanso ngati mankhwala omwewo angawaze pamatiresi kuti nsikidzi zife.

Mayi, chimene chimapha tizilombo mu Actellic ndi pirimiphos-methyl, wa m'gulu la mankhwala otchedwa organophosphate. Gululi linatchuka kuchokera ku ntchito ya Gerhard Schrader ku Germany m'zaka za m'ma 1930, ndipo utsi wankhondo wotchedwa sarin unachokera m'banja lomweli. Musaope, wa m'chimangawu ndi wofooka kwambiri poyerekeza ndi umenewo. Koma kagwiridwe ntchito n'kofanana. Mitsempha ikatumiza uthenga ku mnofu, pali enzyme yotchedwa acetylcholinesterase imene imafufuta uthengawo ukafika. Mankhwalawa amaimanga enzyme imeneyi, uthenga n'kumangobwerezabwereza, nankafumbwe n'kunjenjemera mpaka kufa. Vuto ndi lakuti ifenso tili nayo enzyme yomweyo.

Mu Actellic Super muli 1.6% ya pirimiphos-methyl ndi 0.3% ya permethrin. Anawonjezera permethrin chifukwa nankafumbwe wamkulu, amene anachokera ku Central America n'kulowa kuno kudzera ku Tanzania, safa bwino ndi pirimiphos-methyl yekha.

Chimanga chothiridwa pamlingo wolembedwa papaketi chimadyeka. Chipeteni bwino, mukachikonole, muchitsuke musanapite nacho kuchigayo. Amene amandidetsa nkhawa ndi ogulitsa ena othira mwa "bola zisafumbwe", kapena ogula mankhwala m'timabotolo topanda lebulo pamsika wa Limbe, pomwe oyenera kugulitsidwa ndi olembetsedwa okha ku Pesticides Control Board, bungwe la boma loyang'anira mankhwala ophera tizilombo. Chimanga chikamanunkha mankhwala mpaka kutsamwitsa, chibwezeni.

Za pamatiresi ayi ndithu. Mankhwalawa amalowa pakhungu, ndipo mwana amagona pamenepo usiku wonse. Actellic 300CS imene ankapopera m'makoma polimbana ndi udzudzu m'maboma ngati Nkhotakota ndi yopangidwa mosiyana, ndipo amene ankapopera ndi anthu ophunzitsidwa, atavala zodzitetezera.

Wina amene wakhudzidwa ndi mankhwalawa akayamba kutuluka dovu ndi thukuta lambiri, kusanza, kutsegula m'mimba, kubanika, kadontho kakuda ka m'diso katachepa, musamumwetse mkaka kapena kumusanzitsa. Muvuleni zovala zimene zakhudzidwa, mumusambitse ndi sopo, muthamangire naye ku Queens mutatenga paketi ya mankhwalawo. Madokotala amabaya atropine, ndipo amathandiza akafulumira. Chaka chamawa yesani matumba a PICS, amene amapha nankafumbwe pomumana mpweya popanda kuthira chilichonse.