Achimwene, bayani 2 yomweyo

Eee achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu uja ndaumvera ndili m'basi, ndiye ndinati ndifike kaye pakhomo, nkhaniyi si yoyankha ndi mawu awiri. Amalume, ndakuonani mukuseka pagulupa kuti mphaka akubayidwa jakisoni ngati munthu. Sekani ndithu, koma ntchito ya achimwenewa ili pa mphaka ameneyu masabata atatu onsewa, ndiye tiwathandize.

Ndibwereze kaye zimene mwanena, muone ngati ndamva bwino. Madamu amene mumawagwirira ntchito apita kutchuthi, akusiyirani mphaka wa matenda a shuga. Mumamubaya Caninsulin, insulin ya ziweto yotsitsa shuga, mayuniti 2 nthawi ya 7 koloko m'mawa, ena 2 nthawi ya 7 koloko madzulo. Lero m'mawa musanabaye mwamuyeza shuga, kamakina kakuti 21, komanso madzi akumwa modabwitsa. Ndiye mukuti madzulo ano mukweze mufike pa 4. Ayi achimwene. Bayani 2 yomweyo. Ine kuno ku Leeds, ku England, ndimangothandizira pachipatala cha ziweto, si ine dokotala, koma ichi chokha ndikunena mosakayika. Kuchoka pa 2 kufika pa 4 ndi kuwirikiza mankhwala, ndipo ngakhale a vetenale eniake sachita zimenezo. Akafuna kukweza amawonjezera theka la yuniti, akachulutsa yuniti imodzi, kenako amadikira masiku 5 mpaka 7 kuti thupi lizolowere asanakhudzenso.

21 ndi wokwera, sindikukana. Kwa amalume amene kamakina kawo koyezera shuga wawo kamalemba manambala akuluakulu aja, chulukitsani ndi 18, ndiye kuti ali cha m'ma 380. Koma taonani nthawi imene mwayezayo. Mwayeza 7 koloko, jakisoni wa dzulo atatha mphamvu. Caninsulin mwa amphaka ambiri safika maola 12 athunthu, amayamba kutheratu cha m'ma 10 umu, ndiye nambala ya musanabaye imakhala yapamwamba penipeni pa tsiku lonse. Imene imalamula mlingo wa mankhwala ndi yapansi penipeni, ija imabwera pakatha maola ngati 4 mutabaya, ena amafika 6. Imeneyo simunaione. Mwina 11 koloko mphakayo amatsika kufika pa 12, kutanthauza kuti mankhwala akuchepadi. Koma mwinanso amatsika kufika pa 5. Ngati ali pa 5 ndi mayuniti 2, inu n'kumupatsa 4 madzulo, 11 koloko usiku inu muli mtulo iye akukomoka yekha pansi pa sofa. Shuga wokwera amawononga pang'onopang'ono, mumakhala ndi nthawi yoimba foni. Wotsika amapha usiku womwewo.

Palinso china. Shuga akatsika kwambiri, thupi limadzidzimuka, chiwindi n'kutulutsa shuga amene chinasunga, nambala n'kulumpha m'mwamba. Madokotala amazitcha Somogyi. Amatsutsana kuti kwa amphaka zimachitika kangati, koma mfundo ndi yoti nambala yokwera ya m'mawa nthawi zina imabwera chifukwa mankhwala achuluka, osati achepa. Ndiye mwaona, 21 yekhayo sakutiuza kanthu.

Ndiyenso amphaka ali ndi khalidwe lawo, akachita mantha kapena akalimbana nanu shuga amakwera pompo. Mwini wake wachoka, akumugwira ndi munthu wina, kaya munathamangitsana naye m'khitchini musanamubaye khutu. Ngati kunali nkhondo, nambala imeneyo ndi ya nkhondoyo.

Ndiye mawa, poti ndi Loweruka, chitani izi. Pezani kope. Yezani 7 koloko musanabaye, mumupatse chakudya, mubaye 2, kenako muziyeza maola awiri aliwonse, 9, 11, 1, 3, 5, mpaka 7 madzulo. Paliponse lembani nthawi, nambala, ndi zimene wadya. Kayezedwe kake musamuvutitse. Tengani kansalu, mukanyike m'madzi ofunda, mukafinye, mugwire nako khutu kwa kamphindi kuti magazi abwere. Muunikire ndi tochi ya foni kuseri kwa khutu, muona kamtsempha kofiira kakuyenda m'mphepete mwenimweni. Ikani kathonje kuseri kuti musadzibaye chala, mubaye pambali pa kamtsemphako, kadontho kochepa n'kokwanira. Mukatha finyani ndi thonjelo pang'ono, mumusisite, asamaone ngati chilango. Akakana kwambiri musiyeni, bola kuphonya nambala imodzi kusiyana n'kulemba ya mphaka wolusa. Mundiuzenso dzina la kamakinako. Ngati ndi AlphaTRAK, kameneko anakapangira ziweto. Ngati ndi ka anthu kogula kufamase, kamakonda kuonetsa nambala yotsikirapo pang'ono kwa mphaka, ndiye a vetenale ayenera kudziwa.

Chimene amafuna kuona pakopepo n'choti nambala yapansi ikhale pakati pa 4.5 ndi 8, ndipo nthawi yambiri ya tsiku asamapitirire 14. Akadutsa cha pamenepo shuga amayamba kutayikira mumkodzo, amakoka madzi, n'chifukwa chake mukuona akumwa ndi kukodza chonchi. Kopelo mulijambule mutumize kwa dokotala amene amamuona mphakayo. Madamu sangachoke osasiya nambala yake, yang'anani pachitseko cha filiji kapena pabokosi la mankhwalalo, pamakhala kapepala komata. Iyeyo ndi amene anene kuti kwezani theka kapena siyani. Madamunso alembereni, musaope kuti akuonani ngati mwalephera. Bola aone uthenga ali kutchuthi kusiyana n'kudzamva kuti munasintha mankhwala panokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, achimwene.

Tisanaimbe mlandu mlingowo, pali tinthu tina timene ndimaona anthu akubwera nato kuntchito. Choyamba sirinji. Caninsulin ndi U-40, kutanthauza kuti mu mililita imodzi muli mayuniti 40. Insulin ya anthu ngati Lantus ndi U-100. Masirinji ake ndi osiyana, a U-40 kawirikawiri chotsekera chake n'chofiira, a U-100 n'cha olenji, koma musadalire mtundu, werengani zolembedwa pa sirinjipo. Ngati masirinji a madamu anatha inu n'kukagula ena kufamase, akupatsani a anthu, ndipo mukakoka Caninsulin kufika pa mzere wa 2 mu sirinji ya U-100, mwamupatsa yosakwana ngakhale yuniti imodzi. Pamenepo 21 sangadabwitse. Zikatembenuka, insulin ya U-100 mu sirinji ya U-40, ndiye mwamupatsa kawiri ndi theka, ngozi yeniyeni. Amalume, izi zikukhudzani nanunso, botolo lanu ndi la mphaka sizibwerekana.

Kenako botololo. Caninsulin akakhala amadikha pansi, pamwamba n'kuoneka ngati madzi. Musanakoke mulikhutchumule mpaka lonse lioneke loyera ngati mkaka, lofanana paliponse. Mukakoka osasakaniza mukumubaya zamadzimadzi zokhazokha. Lizikhala choimirira mufiliji, osati m'chipinda cha ayisi, chifukwa likangouma ndi chisanu latha ntchito ngakhale lisungunuke. Magetsi akazima maola angapo musamatsegule filiji pafupipafupi, sizionongeka msanga. Koma ngati linakhalapo pawindo padzuwa, kapena muli timibulu tosasungunuka, auzeni a vetenale akupatseni lina. Ndipo mukayamba botolo latsopano muyeze mosamala, poti lingakhale lamphamvu kuposa lakalelo.

Pobaya, nyamulani chikopa cha m'mbali mwa nthiti chikhale ngati katenti, singano ilowe m'munsi mwake. Mukatha pititsani chala paubweya. Mukapeza panyowa ndiye kuti singano inatulukira mbali ina, mankhwala athera panja. Zikatero musabayenso. Simukudziwa kuti alowa angati. Lembani m'kope, mudikire nthawi yotsatira.

Ndiye funso ili mundiyankhe moona, ndikukudziwani mtima wanu. Mukamadya nsima madzulo iye atakhala pambali akukuyang'anani, simumamuponyera kambamu? Kapena mpunga, buledi, mkaka? Zimenezo kwa mphaka wa shuga zimakweza nambala msanga. Mphaka ndi nyama yodya nyama. Mupatseni chokhacho chimene madamu anasiya, mlingo womwewo, nthawi yomweyo. Komanso musachite changu kumusinthira nokha, kuti poti achemwali anena kuti zaufa n'zoipa ndimuchotse pa timabisiketi touma tija ndimuike pa zam'chitini. N'zoona zam'chitini zopanda ufa wambiri zimathandiza, koma zimatsitsa shuga mwamsanga moti mayuniti 2 omwewo akhoza kumuchulukira. Amphaka ena akasamalidwa bwino amafika posiyiratu jakisoni, kapamba wawo amayambiranso kugwira ntchito. N'chifukwa chake timayeza, mlingo umene unali bwino mwezi watha ukhoza kukhala wochuluka lero. Tsiku lina mukadzapeza nambala ya musanabaye ili pansi pa 10, imbani kaye foni musanatenge sirinji. Chimodzimodzi akakana kudya kapena akasanza, musabaye mlingo wonse musanafunse.

Tsopano mvetsetsani apa, ngati zinazo mwaiwala. Mukamuona wafooka, akudzandira ngati woledzera, maso akuda aja akula, dovu likutuluka, akunjenjemera kapena kugwa n'kumaphupha, ameneyo shuga watsika. Pa kamakina chilichonse cha pansi pa 3.5 musachitenge mopepuka, ngakhale akuoneka bwino. Ngati akutha kudya mupatseni chakudya pompo. Ngati sakutha, tengani uchi kapena golden syrup pachala mumupake m'nkhama, kunja kwa mano, samalani angakulumeni. Musamuthire chamadzi m'kamwa, angatsamwe. Mukatero thamangani naye kuchipatala ngakhale atsitsimuke, chifukwa uchi umatha msanga koma insulin ija ikadali m'thupi. Uchiwo muuike poonekera lero lomwe, musadzaufunefune m'makabati zinthu zitavuta.

Mbali inayo, 21 uja amandiopsa akabwera pamodzi ndi kusadya, kusanza, kugona tsiku lonse osadzuka. Pamenepo ndiye kuti thupi layamba kuwotcha mafuta ake, m'magazi mukudzaza asidi amene amati ma ketone. Zimenezo si zodikira Lolemba, ndipo sizichizika ndi kuwonjezera jakisoni kunyumba, zimafuna dripu. Kufamase ngati Clicks kapena Dis-Chem funsani timapepala toyezera ma ketone mumkodzo, mumangonyika mumkodzo watsopano n'kuyerekeza mtundu ndi wa pabotolo. Koma ngati akudya bwino, akuyenda, akudzinyambita monga mwa masiku onse, mukhoza kugona. Madzi muzimuthirira ndi kapu yoyezera m'mawa, tsiku lotsatira muone atsala angati, nambala imeneyonso ilowe m'kope.

Ndiye musanabaye madzulo ano ndijambulireni sirinjiyo pafupi, pamene palembedwa U, ndi botolo mutalikhutchumula. Mufufuzenso chipatala cha ziweto chimene chimatsegula usiku kufupi nanu, nambala yake muisunge mufoni, ndipo mudziwiretu kuti mungayende bwanji usiku ngati galimoto ya pakhomopo simuloledwa kuyendetsa. Mawa nambala ya 11 koloko ikangotuluka munditumizire, ndikhala ndili pantchito koma foni ndiziyang'ana.