Magawo a netiweki muwamve potsatira uthenga umodzi

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji akukuphunzitsani magawo 7 a OSI, ndondomeko yofotokozera mmene netiweki imagwirira ntchito, pomwe intaneti imayendera ndondomeko ina ya TCP/IP ya magawo 4, ndipo mwati mayina onse mwaloweza koma akakufunsani zimene zimachitika munthu akatumiza uthenga, mutu umaima. Nanenso ndinadutsa pomwepo, choncho mundilole nditalikitseko.

Zimene mwaonazo n'zoona. Bungwe la ISO, lokhazikitsa miyezo ya padziko lonse, linatulutsa OSI mu 1984, koma nthawi imeneyo n'kuti TCP/IP itayamba kale ntchito. Vint Cerf ndi Bob Kahn anafotokoza maziko ake mu 1974, ndipo ARPANET, netiweki imene inali kholo la intaneti, inasamukira pa TCP/IP pa 1 Januwale 1983. Ma protocol a OSI, ndiye kuti malamulo oti makompyuta azitsatira polankhulana, sanapite patali. Chinatsala ndi kaganizidwe kake ndi manambala a magawo (layer) ake, kuyambira 1 pansi mpaka 7 pamwamba, moti mpaka lero katswiri akati "vuto lili pa layer 2", anzake amadziwiratu poyambira.

Tsono siyani kaye mayinawo, titsate chithunzi cha 3 MB chimene mukuchikweza pa webusaiti.

Pamwamba penipeni pali browser yanu. Iyo imangodziwa kuti ikulankhula ndi seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, m'chinenero cha HTTP. Kaya muli pa Wi-Fi kaya pa waya, sizikuikhudza. Imangopereka katunduyo kwa TCP. TCP imayamba yagogoda kwa mnzake wa tsidya linalo, ndi mauthenga atatu aja, SYN, SYN-ACK ndi ACK, kenako n'kuduladula chithunzicho. Ethernet, netiweki ya waya, nthawi zambiri imanyamula mabayiti 1500 pa ulendo umodzi. Mukachotsapo 20 a mutu wa IP ndi 20 a mutu wa TCP, patsala 1460, ndiye kuti chithunzi chanu chichoka m'zidutswa zoposa 2,000. Chilichonse TCP imachilemba nambala yosonyeza malo ake pamzere, komanso port, monga 443, kuti chikafika chidziwike kuti n'cha pulogalamu iti. China chikatayika panjira, TCP yomweyo ndiyo imazindikira n'kutumizanso. Browser siimva n'komwe.

Kenako IP imakulunga chidutswacho n'kulembapo adiresi yochokera ndi yopitako. IP silonjeza kanthu. Ntchito yake n'kupeza njira basi. Pansi pake Ethernet kapena Wi-Fi imakulunganso kachiwiri n'kulembapo MAC address, nambala yozindikiritsa chipangizo pa netiweki ya pamalopo, ndipo pansi penipeni zonsezo zimasanduka magetsi m'waya, kuwala mu fiber, kapena mafunde a wailesi.

Apa ndi pamene ine maso ananditseguka, ndiye pawerengeni mofatsa. MAC address yolembedwa pa chikulungo chakunjacho si ya seva ayi. Ndi ya rauta yanu yomweyo, chipangizo chopatsira uthenga ku netiweki ina, imene ili pafupi nanu. Rauta ikalandira imang'amba chakunjacho, n'kuwerenga adiresi ya IP, n'kuchotsa 1 pa nambala yotchedwa TTL, n'kukulunganso mwatsopano ndi MAC address ya rauta yotsatira. Zimatero pa rauta iliyonse mpaka kukafika. Chakunja chimasintha pa sitepe iliyonse, adiresi ya kopitako imakhala yomweyo ulendo wonse, ndipo zam'kati za TCP rauta wamba safunika kuzitsegula. TTL ija ikafika pa 0 paketiyo, chidutswa chokulungidwa chija, imatayidwa, kuopa kuti ingamazungulire mpaka kalekale njira zikasokonekera. Lamulo la traceroute limagwiritsa ntchito zomwezi pokuonetsani marauta amene uthenga wanu wadutsamo. Liyeseni lero, muone ndi maso anu.

Kumalo kofikira zimachitika mobwerera m'mbuyo, gawo lililonse kumasula chikulungo chake n'kupereka zotsalazo m'mwamba. Ndiye onani: TCP ya kwanu ikulankhula ndi TCP ya seva, IP ndi IP, HTTP ndi HTTP. Gawo lililonse limawerenga zimene mnzake wa msinkhu womwewo analemba, za ena sililowerera. N'chifukwa chake Wi-Fi itabwera panalibe chifukwa cholemberanso imelo kapena webusaiti. Anasintha zapansi, zapamwamba zinapitirira osadziwa n'komwe. Chimodzimodzi IPv6, ya adiresi za mabiti 128 m'malo mwa 32 a IPv4, imanyamula TCP yomwe ija.

Nanga 7 ndi 4? Kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene mabuku amakuopsezera. TCP/IP imatenga magawo atatu apamwamba a OSI, application, presentation ndi session, n'kuziika m'gawo limodzi, ndipo ziwiri zapansi nazonso imaziphatikiza. Kunena zoona, session ndi presentation musataye nazo tulo. Muzidziwe pa mayeso, koma pa ntchito simudzakumana nazo zitaima pazokha. Ndipo musaganize kuti chilichonse chimakwana bwino m'magawowa. Anthu amatsutsana kuti TLS, yobisa uthenga kuti ena asauwerenge, ili pa gawo liti, ARP, yopeza MAC address ya adiresi ya IP, ili pakati pa 2 ndi 3, ndipo HTTP/3 imadutsa pa QUIC, yomwe imakwera pa UDP, mnzake wa TCP wosatumizanso zotayika, koma n'kumagwira ntchito zimene tinazolowera kuti ndi za TCP. Magawowa anapangidwa ndi anthu kuti azitha kuganiza bwino, si malamulo achilengedwe.

Phindu lake lenileni mudzaliona tsiku limene netiweki idzafe m'manja mwanu. Ndikuyamba ntchito, ndinatha masana onse ndikusintha zinthu pa kompyuta ina imene inkakana kulowa pa intaneti, anthu akundidikirira. Mkulu wina atabwera sanakhudze kiyibodi n'komwe. Anagwada, n'kuyang'ana kumbuyo kwa kompyutayo, n'kuona kuti kanyali ka pa port, pamene waya amalowa, n'kozima. Kapulasitiki kogwira waya kanali katathyoka, wayayo atasololoka pang'ono. Ine ndinali pa layer 7, vuto lili pa layer 1.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayambira pansi. Kanyali kakuyaka? Kompyuta yalandira adiresi ya IP? Ngati adiresiyo ikuyamba ndi 169.254, dziwani kuti DHCP, imene imagawira makompyuta maadiresi, sinayankhe. Rauta ikuyankha ping, lamulo loyesera ngati chipangizo chikufikirika? Ngati adiresi ya pa intaneti monga 8.8.8.8 ikuyankha koma dzina la webusaiti likukana, waya ndi njira zili bwino, yang'anani DNS, imene imasandutsa mayina a mawebusaiti kukhala maadiresi a IP. Funso lililonse limachotsa gawo limodzi pa zokayikitsa.

Ngati muli ndi laputopu, ikanipo Wireshark, pulogalamu yoonetsa mapaketi oyenda pa netiweki, ndi yaulere. Tsegulani webusaiti iliyonse, dinani paketi imodzi, muona Ethernet, IP ndi TCP zitasanjikizana pa sikirini monga ndafotokozeramu. Mukakakamira penapake, jambulani mutumize muno tionere limodzi.